Bondo la amayi silinathe mafuta

## Pamphasa ku Chawama

Anali maliro a mnzawo wa amayi wa kumpingo, mwezi wa June, kuzizira kuja kwa mu Lusaka kolowa mpaka m'mano. Mukudziwa mmene timachitira. Mipando yonse inatulutsidwa panja kwa azibambo amene anazungulira chitsa cha moto, ife azimayi tinadzazana m'nyumba, pansi, miyendo chotambalala, zitenje mpaka m'makutu. Amayi anakhala pakona pafupi ndi namfedwa, poti ndi akuluakulu a chigwirizano ndipo nyimbo zambiri amayambitsa ndi iwo. Tinachezera.

Kutacha anthu anayamba kunyamuka mmodzimmodzi kukasukusula. Amayi sananyamuke. Ndinawaona akugwira khoma, n'kulisiya. Anatsamiza dzanja pansi, n'kutembenukira kumanzere, kenako n'kukhalanso phee, n'kumakonza duku ngati palibe chimene amafuna. Anayesanso. Kachitatu anandiitana ndi maso.

"Iwe, tandigwira m'khwapamu. Koma usachite zoti anthu aone."

Ndekha ndinalephera. Anabwera amayi ena awiri, wina uku wina uku, ndipo pamene tinkawaimiritsa bondo lakumanja linalira. Linamveka ngati munthu waluma mchenga mu nsima, koma chipinda chonse chinamva. Mayi wina amene anali pakhomo anati, "Mafuta atha awo. Muziwaphikira vimbombo." Onse anavomereza, ena n'kuyamba kutchula azakhali awo ndi apongozi awo amene mafuta anawatheranso.

Chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero ndi zimene ndinayankhula ineyo m'basi pobwerera. Manyazi anali atandigwira, ndiye ndinawaphwetsera iwo. Ndinati, "Amayi, inunso mumangodzilekerera. Kuyenda simufuna, mankhwala mumamwa modumphadumpha. Anzanu a msinkhu wanu akudzuka okha." Sanandiyankhe. Anangoyang'ana pawindo mpaka tinatsika.

## Zaka ziwiri tikuthira mafuta

Mawu a mayi wa pakhomo uja tinawatenga ngati a dokotala. Loweruka lililonse ndinkagula vimbombo, mapazi a ng'ombe aja, n'kuteleka pambaula kuyambira m'mawa mpaka msuzi uchite kumata milomo. Amayi ankadya mokondwa, ndani angakane vimbombo, koma bondo silinamve. Mlongo wanga anagula mabotolo a makapisozi kwa bambo wina wolalikira mankhwala m'mabasi, amene analumbira kuti mafuta abwerera m'masabata 6. Ndalama zakezo tikanagula matumba angapo a ufa. Atapita kwathu ku Katete nthawi ya Kulamba, amayi anabwerako ndi mphini 12 kuzungulira bondo, zakuda bii. Ine ndinawonjezera mapiritsi a calcium, poganiza kuti matenda a mafupa ndi amodzi. Ndipo pamwamba pa zonsezi panali diclofenac wongogula, mapiritsi opha ululu, awiri m'mawa awiri madzulo, munthu woti ali ndi BP.

X-ray tinajambulitsa kamodzi pa kachipatala kena. Anawagoneka chagada patebulo n'kujambula. Amene anaiona anati ndi nyamakazi ya ukalamba, palibe chachilendo, apitirize mankhwala opha ululu. Envelopu yaikuluyo tinakaiika pansi pa matiresi, pamodzi ndi makadi a ubatizo.

Koma miyendo inkasintha tikuona. Amayi sanabadwe ndi matewe. Pali chithunzi cha 1993, ataima pa msika wa Soweto pambali pa mabokosi awo a tomato, miyendo yowongoka ngati bango. Tsopano akagunditsa mapazi, pakati pa mawondo pankalowa chibakera changa, malo n'kutsalanso. Nsapato zinkadyeka mbali yakunja. Bondo lenilenilo linakula, lolimba gwa, la mabampu ngati chinangwa chokumana ndi mwala. Chinthu chimene chatha mafuta chimakula bwanji? Funso limeneli linkandibwerera ndikamawapaka mankhwala usiku, koma ndinalibe womufunsa.

## Chithunzi choimirira

Amene anatitumiza kwa dokotala wa mafupa ndi nesi wa kukiliniki ya BP. Anaona kuti BP sikutsika ndipo mapazi ayamba kutupa, n'kufunsa mapiritsi onse amene amayi amamwa. Atamva za diclofenac uja anagwira pakamwa.

Dokotalayo anali wachinyamata, wa Chinyanja cha m'tauni chothira Chibemba apa ndi apo. Ndinamupatsa envelopu yathu ya pansi pa matiresi. Anangoyang'ana pang'ono n'kufunsa, "Ambuya, apa anakujambulani mutagona kapena mutaima?" Atamva kuti atagona, anatitumiza kukajambulitsanso, ulendo uno ali chiimire, thupi lonse litatsamira pa miyendo. Anati bondo la munthu wogona limanama, chifukwa katundu akachoka mafupa amatalikirana.

Munali mu October 2024, nthawi ija madzi atachepa ku Kariba, magetsi akungobwera ngati mlendo. Kabokosi kounikira zithunzi m'chipinda mwake sikankayaka. Ndiye anaimirira, n'kukanikiza chithunzicho pagalasi la windo, dzuwa likuwala kuseri kwake. Anaitana amayi, osati ine.

"Bwerani muone bondo lanu."

Fupa la ntchafu pamwamba, la msongolo pansi. Kumbali yakunja, pakati pa mafupa awiriwo, panali mpata wakuda pafupifupi kunenepa kwa pensulo. Kumbali yamkati, kumene mawondo amayang'anizana, mpatawo panalibe. Choyera chinagundana ndi choyera.

Anatiuza kuti mpata wakudawo si mphako. Ndi mmene mumakhala chicherewecherewe, choyera choterera chija chimene ana amakukuta kunsonga kwa fupa la nkhuku. X-ray siichigwira, n'chifukwa chake chimaoneka ngati mpata. M'bondo la munthu n'chopyapyala, mamilimita ochepa chabe, koma ndicho chimachititsa kuti mafupa azitererana osakhudzana. Kwa amayi, mbali yamkati chinali chitaperepeseka mpaka kutheratu.

"Nanga mafuta?" anafunsa amayi.

Anamwetulira, n'kunyonyomala, n'kusisita bondo lawo mbali yamkati chokweza m'mwamba, kenako n'kudina mbali inayo. Tinaona kafunde kakudutsa pansi pa khungu. "Madzi a m'bondo ndi awa, ambuya. Sanathe. Muli nawo ambiri kuposa ine." Bondo lovutika limatulutsa madzi ochuluka, ndiko kutupa kuja. Kungoti madziwo amakhala osungunuka, sananda ngati therere monga amachitira a m'bondo labwino.

Ndinakumbukira makala onse amene ndinathera pa vimbombo.

## Zimene fupa linachita

Ine ndinkayesa nkhani yathera pompo. Chicherewecherewe chatha, basi, ngati tayala la minibasi. Koma dokotala anali asanayambe n'komwe. Anati tisiye mpatawo, tiyang'ane mafupa.

Anayamba ndi mzere woyera mbee, pamalo pomwe mafupa agundana, woyera kuposa fupa lina lonse pachithunzipo. Anati fupa ndi lamoyo. Lili ndi magazi, lili ndi mitsempha, ndipo tsiku lililonse muli timaselo tina timene timagumula fupa lakale ndi tina timene timamanga latsopano. Pamene pakulemera kwambiri, omangawo amathamangira pomwepo. Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti dokotala wina wa ku Germany, Julius Wolff, analemba zimenezi mu 1892, kuti fupa limadzikonza motsatira katundu amene likusenza. Ndiye chotchinjiriza chija chitayamba kutha, fupa la pansi pake linayamba kukhuthala, monga chimachitira chikhatho cha mlimi. Koma pali chinyengo. Fupa lomangidwa mothamanga chonchi limachuluka koma silikhwima bwino, mchere wake wolimbitsa umakhala wochepa. Zili ngati mabuloko ena a m'mbali mwa msewu, aakulu bwino ukawaona, simenti anangonunkhizamo.

Mafupa akakhuzana nthawi yaitali popanda kanthu pakati, nsonga zake zimasalala mpaka kunyezimira. Anati madokotala akatsegula bondo lotere amapeza fupa lowala ngati mnyanga wa njovu, nthawi zina lili ndi timizere totsata njira imene bondo limapindikira. Amayi anati, "Ngati mpini wa khasu." Dokotala anati eya, ndendende.

Kenako nyanga. M'mphepete mwa mafupa onse awiri munali timilomo tosongoka, totulukira kunja ngati mlomo wa mphika. Amenewa ndiwo mabampu ndinkawamva ndi zala aja. Kuchipatala amawatcha osteophytes. Ndi fupa latsopano, limene kale kunalibe. Limayamba ngati chicherewecherewe kenako n'kuuma kukhala fupa, mmene amakulira mafupa a mwana. Akatswiri ambiri amaliona ngati njira ya thupi yochepetsera kugwedera kwa bondo, monga munthu amachirikizira khoma likafuna kugwa. Koma mchirikizo ukakhala pakhomo, chitseko sichitsegukanso chonse. Bondo silipindika mpaka kumapeto, komanso siliwongoka lonse.

Anawagoneka pabedi n'kupinda mwendowo pang'onopang'ono kuti ndione. Unayenda, unayenda, n'kuima nji, chidendene chili kutali ndi thako. "Apa ngakhale ambuya atafuna bwanji, sipapitirira. Fupa lagunda fupa."

Ndinayang'ana pansi. Mawu anga a m'basi aja ndinawamva onse, limodzi ndi limodzi.

Panalinso timadontho tiwiri takuda, tozungulira, mkati mwa fupa loyeralo, ngati pobowola anankafumbwe. Ndi timabowo todzaza madzi kapena zonanda. Ena amati ndi madzi a m'bondo amene amakankhidwira m'fupa kudzera m'timing'alu, ena amati ndi fupa limene lafa pamalo pamene lakhala likumenyeka kwambiri.

Chomaliza ndicho chinayankha funso langa la matewe. Anagoneka cholembera chopingasa pamwamba pa fupa la msongolo. Mbali yakunja inali bwinobwino. Mbali yamkati inali yotsetsereka, yodyeka, ngati mphero yakale imene pakati palowa. Fupa lenilenilo linali litayamba kuperepeseka ndi kutitimira. Anati ngakhale kwa munthu wa miyendo yowongoka, mbali yamkati ya bondo ndiyo imasenza gawo lalikulu la thupi poyenda. Ikayamba kutsika, bondo limathawira kunja, ndipo likatero katundu wochulukirapo amagweranso mbali yamkati yomweyo. Pamene ikudyeka m'pamene mwendo ukupindika, pamene ukupindika m'pamene ikudyeka.

Amayi anakhala chete nthawi yaitali, maso pawindo. Panja wina ankagulitsa madzi ozizira, akukuwa. Kenako anati, "Ndiye kuti fupali silinagone. Lakhala likugwira ntchito nthawi yonseyi."

"Zaka ndi zaka, ambuya."

"Oho," anatero, ngati munthu amene wamva kuti mwana amene ankamuyesa waulesi wakhala akulima kudimba usiku.

## Mabokosi a tomato

Amayi anafika mu Lusaka mu 1981. Kuyambira pamenepo, kwa zaka zoposa 30, ankadzuka 4 koloko kupita ku Soweto kukaoda tomato. Bokosi pamutu, wina wa ife kumsana, kukwera basi, kutsika, kudumpha ngalande. Tsiku lonse pa kampando kafupi, kunyamuka kasitomala akabwera, kukhalanso. Kunyumba kuchapa chonyonyomala, kupaka polishi pansi chogwada mpaka simenti iwale, kugwadira apongozi, kugwadira alendo, kugwada popereka madzi osamba m'manja. Chimbudzi chokumba. Sindinawerengepo kuti bondo la mayi wa mu komboni limapinda kangati patsiku, koma ndikudziwa tsopano kuti pa sitepe iliyonse yongoyenda, bondo limalandira kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu. Onjezanipo bokosi.

Sikuti ntchito yokha ndiyo inachita. Alipo anzawo amene anasenza kuposa iwo ndipo mpaka lero akuvina. Msinkhu umalowapo, kunenepa kumalowapo, kumtundu kumalowapo, ndipo azimayi amadwala kwambiri kuposa azibambo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse anali ndi nyamakazi ya mtundu umenewu, 365 miliyoni mwa iwo m'mawondo, ndipo pa odwala 100 alionse 60 ndi akazi. Kuvulala kwakale nakonso kumasiya ngongole. Dokotala atafunsa, amayi anakumbukira kuti chaka china cha mvula yambiri anaterereka pangalande, bondo lakumanja lomweli n'kupotoka. Linatupa mwezi wathunthu. Anangolimanga bandeji n'kubwerera kumsika tsiku lachitatu, poti tomato sadikira.

Ine fizi yanga ya kusekondale inachokera m'mabokosi amenewo. Ndingosiyira pomwepo.

## Nanga chimapweteka n'chiyani?

Ichi chinandidabwitsa. Chicherewecherewe chilibe mitsempha yomva ululu, chilibenso magazi. N'chifukwa chake chimatha mwakachetechete kwa zaka munthu osadziwa, n'chifukwa chakenso chikatha sichimeranso. Zoti sichipola anazilemba dokotala wina, William Hunter, ku London mu 1743, ndipo mpaka pano palibe msuzi kapena kapisozi amene wamutsutsa. Chimene umadya chimakagayidwa m'mimba, sichilunjika kubondo.

Ululu umachokera ku zimene zili ndi mitsempha: kansalu kokuta mkati mwa bondo kakatupa, minyewa yozungulira, ndiponso fupa lenilenilo. Nyamakazi ikafika patali, timitsempha ta magazi ndi ta ululu timamera kuchokera m'fupa kukwera kumtunda, kumalo kumene kale kunalibe. Pa makina a MRI, amene amajambula zimene X-ray siigwira, amaonanso mabala a mkati mwa fupa, ngati posunduka magazi, ndipo anthu amene ali ndi mabala amenewa nthawi zambiri ndi amene amamva ululu kwambiri. Ife MRI sitinajambulitse. Dokotala anati chithunzi choimiriracho chanena kale zokwanira, tisataye ndalama.

Ndiye kuwawa kuja kumene amayi ankati kuli "mkatikati, ngati wina akukhoma msomali" sikunali kukokomeza. Ankanena malo enieni.

Koma dokotala anatisonyezanso bondo lakumanzere, lomwe linali pa chithunzi chomwecho. Nalonso mpata wachepa kwambiri, nalonso lili ndi timilomo take. Amayi salidandaula n'komwe. Anati zimenezi amaziona tsiku ndi tsiku: wina chithunzi choopsa koma akuyenda kupita kumunda, wina chithunzi chooneka bwino koma sagona. Chithunzi chimaonetsa fupa, ululu umadaliranso mphamvu ya minofu, kutupa, tulo, ngakhale nkhawa. Ndipo anati mpata wothandizira uli pamenepo. Fupa lomwe lasintha silibwerera, koma zinazo zimamva.

## Giredi 4

Pa khadi analemba kuti KL 4. Ndinafunsa. Anati ndi muyezo umene madokotala amagwiritsa ntchito powerenga X-ray ya nyamakazi, kuyambira 0 mpaka 4. Zilembo ziwirizo ndi mayina a Kellgren ndi Lawrence, madokotala a ku Manchester amene anayamba ndi kufufuza nyamakazi pakati pa anthu okumba malasha ku England, n'kudzasindikiza muyezowu mu 1957. Giredi 4 ndiyo yomaliza: nyanga zikuluzikulu, mpata wochepetsetsa, fupa lokhuthala kwambiri, ndi nsonga za mafupa zosintha maonekedwe. Zonse zinayi tinali titangoziona pawindo.

Chaka cha 1957 ndicho chinalembedwa pa reji ya amayi, ngakhale eni ake amati mwina anawawonjezera. Atamva za giredi anaseka koyamba tsiku limenelo. "Ine kusukulu ndinalekeza giredi 3. Bondo landipitirira."

## Zimene tinasiya

Calcium dokotala anati ndi wa matenda ena, aja mafupa amafumbwa n'kumathyoka msanga, ndipo sabwezeretsa chicherewecherewe. Mapiritsi a diclofenac anawaletsa chifukwa cha BP, impso ndi m'mimba, n'kuwapatsa wopaka pabondo. Makapisozi a m'basi sanafune n'kuwaona komwe. Za vimbombo anati azidya ngati ndiwo, mwa apo ndi apo, poti kunona kwakeko kukuwonjezera katundu pa bondo lomwelo. Anati kilo imodzi ikachoka m'thupi, bondo limapepukidwa pafupifupi makilo 4 pa sitepe iliyonse. Nkhondo ya mitanda ya nsima imene inatsatira m'nyumba mwathu ndi nkhani ya tsiku lina.

Ku physio, kumene amaphunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo, anawaphunzitsa zinthu zooneka ngati masewera a ana. Kukhala pampando, kuwongola mwendo, kuwerenga mpaka 10, kutsitsa. Kunyamuka pampando n'kukhalanso, kunyamuka n'kukhalanso. Pambuyo pake anawonjezera sokosi yodzaza mchenga yomanga pa kakolo. Nyama ya kutsogolo kwa ntchafu ikalimba imagwira bondo kuti lisamagwedere, ndipo ya amayi inali itafota chifukwa chozemba kuuponda mwendowo. Anawauzanso kuti aziyenda tsiku lililonse, pang'onopang'ono, pamalo osalala, chifukwa kungokhala kumaumitsa bondo. Kuuma kwa m'mawa kuja ndi kwa pambuyo pokhala nthawi yaitali kumamasuka pakangopita mphindi zingapo munthu akuyendayenda.

Ndodo inavuta. Amayi anati ndodo ndi ya nkhalamba. Kwa miyezi iwiri ankayenda ndi ambulera yaitali ngakhale kunja kuli ngwee, mpaka inathyoka pa siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower. Ndipo ankaigwira molakwika, dzanja lakumanja, mbali ya bondo lodwala. Imayenera kukhala dzanja linalo, lakumanzere, kuti izitsika pamodzi ndi mwendo wodwalawo n'kuulandira katundu. Mlongo wanga, amene makapisozi aja amamuchititsabe manyazi, anamanga mpando wa mabuloko pachimbudzi n'kukhoma chitsulo chogwira kukhoma. Pa zonse zimene tawonongerapo ndalama, amayi amati chimenechi ndicho chanzeru.

Madzulo ena ndinawapeza pakhonde, mwendo uli m'mwamba ndi sokosi yawo ya mchenga. Ndinakhala pambali, n'kuyamba kuti, "Amayi, zimene ndinayankhula tsiku lija m'basi pochokera ku Chawama..."

"Usandisokoneze, ndikuwerenga," anatero. Anafika pa 10, n'kutsitsa mwendo, n'kukweza winawo.

## Za zitsulo

Dokotala sanabise. Anati pa giredi imeneyi, ululu ukafika polanda tulo ndi kuyenda ngakhale munthu ayesetse zonsezi, chotsala ndi opaleshoni yoika bondo lochita kupanga. Amadula pang'ono nsonga zowonongeka za mafupa onse awiri, amasadza nyanga zija, amaveka chitsulo pamwamba ndi pansi, n'kuika pulasitiki yolimba pakati, ndipo mwendo umawongoka. Anatinso kudikira kwambiri kuli ndi mtengo wake, chifukwa mphero ija ikapitiriza kulowa pamadzafunika kuyamba akwirira dzenjelo kuti chitsulo chipeze pokhala. Kafukufuku wina amene anatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2019 anapeza kuti pa mawondo 100 oikidwa chonchi, pafupifupi 82 amakhala akugwirabe ntchito patatha zaka 25.

Amayi anafunsa funso limodzi lokha. "Ndidzagwadanso?"

Anawayankha moona, kuti ambiri amene anachitidwa opaleshoniyi kugwada kumawavutabe.

"Ndiye phindu lake n'chiyani?"

"Tulo, ambuya. Ndi kuyenda."

Sanavomere, sanakane. Pa gulu lathu la WhatsApp la pabanja nkhaniyi imabuka mwezi uliwonse ikafika pa ndalama n'kuzima. Ine ndimafuna achitidwe, ndipo ndimanena. Koma ndinaphunzira kunena kamodzi n'kutseka pakamwa. Pakali pano usiku wambiri akugona, ndipo amafika kutchalitchi wapansi, akupuma kawiri panjira. Miyendo ndi ya matewe yomwe ija. Bondo limalirabe.

## Ku Mtendere

Mwezi watha kunagwa maliro ena, ku Mtendere. Ndinanyamula kampando kopinda kamene ndinagula ku Kamwala, n'kukakatambasula pakona, pafupi ndi namfedwa. Amayi anakhalapo, ndodo pambali, mutu wawo uli pamwamba pa mitu ya azimayi onse m'chipindamo. Ndinkamva kutentha m'makutu. Sipanapite nthawi, kumbuyo kwanga wina ananong'ona mokweza dala, mmene timachitira: "Ena akhala pampando ngati azibambo."

Ndinkafuna kutembenuka, koma amayi anandigwira phewa. Anakweza chitenje pang'ono mpaka pabondo.

"Amake mwana, tabwerani. Bweretsani dzanja."

Mayiyo anazengereza, koma anthu anali akuyang'ana, ndiye anakwawa n'kufika. Amayi anatenga zala zake n'kuziyendetsa m'mphepete mwa bondo, mbali yamkati.

"Mwamva cholimbacho? Ndi fupa limenelo. Lamera nyanga. Ndinaziona ndi maso angawa, pawindo la kuchipatala. Likafika apa limaima, ngakhale mundipatse ng'ombe."

Mayiyo sananene kanthu. Anabwerera pamalo pake. Patapita kanthawi ndinamuona dzanja lili pansi pa chitenje, akupapasa bondo lake.

Cha m'ma 1 koloko usiku, agogo ena amene anakhala akusinthasintha makhalidwe kuyambira madzulo anasendera n'kunong'oneza amayi. Amayi anagwira ndodo, ananyamuka okha, n'kuwapatsa kampandoko. Anatsamira khoma n'kuyambitsa nyimbo ali chiimire. Mpaka kucha kampando kaja kanazungulira anthu anayi.

M'basi pobwerera anayang'ana pawindo nthawi yaitali, ine mtima uli m'mwamba. Titayandikira kotsikira anati, "Loweruka ukapite ku Kamwala ukagule tina tiwiri. Utenge ndalama ya vimbombo ija."